Mwana Wokana Chakudya: Zimene Makanema, Mabuku ndi Nyimbo Zaphunzitsa Maso Athu

Mphunzitsi aliyense wa m'Malaŵi muno amaidziŵa nkhope ya mwana wanjala. Amadziŵa kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, ana amayamba kusinza phunziro la masamu lisanathe, ndipo amadziŵanso chifukwa chake ana sajomba kaŵirikaŵiri pa sukulu imene imaphika phala. Koma alipo mwana wina amene sitidazoloŵere kumuona: iye amene nsima ili patsogolo pake, ndiwo zilipo, koma mtima wake uli pa nkhondo ndi chakudyacho. Za mwana wotere ambiri a ife sitidazimve kwa dokotala kapena kuziŵerenga m'buku la zaumoyo. Pang'ono pamene tikudziŵa tidatola m'makanema, m'mabuku a nthano ndi m'nyimbo za kunja. Tsono popeza zimenezi ndizo zakhala aphunzitsi athu pa nkhaniyi, nkoyenera kuti tiziyendere monga amachitira woyendera sukulu, tione ngati zikuphunzitsa zoona.

Ganizo lathu ndi lakuti zambiri mwa izo zazoloŵeza maso athu kufunafuna thupi loonda kwambiri la mtsikana wachizungu wa m'banja lolemera, ndipo mphunzitsi amene maso ake adaphunzira motero adzamphonya mwana wodwala amene wakhala pa benchi yachitatu m'kalasi mwake momwe.

Tiyambe ndi kutchula nthendazo, popeza maina ake ngachilendo. Yoyamba ndi anorexia nervosa, imene dokotala wa ku London, William Gull, adaipatsa dzinali m'chaka cha 1873, chaka chomwecho chimene Charles Lasègue wa ku Paris adaifotokozanso. Wodwala amadzimana chakudya chifukwa cha mantha aakulu a kunenepa, ndipo ngakhale thupi litatha, iye amadzionabe ngati wonenepa. Yachiŵiri ndi bulimia nervosa, imene Gerald Russell adailongosola m'chaka cha 1979: munthu amadya chakudya chochuluka pa kanthaŵi kochepa mosatha kudziletsa, kenaka manyazi ndi mantha zimamgwira, nafuna njira zochotsera chakudyacho m'thupi. Yachitatu ndiyo ya kudya mopyola muyeso mosadziletsa koma popanda kuchotsa chakudyacho. Madokotala a maganizo a ku America adaiika m'buku lawo la matenda monga nthenda payokha m'chaka cha 2013, chonsecho kumeneko ndiyo imagwira anthu ambiri kuposa ziŵiri zinazo. Zonsezi ndi nthenda za maganizo zimene zimaononga thupi. Si mwano, si matama, ndiponso si kusankha ndiwo ayi. Anorexia ili m'gulu la nthenda za maganizo zimene zimapha anthu kwambiri.

Chithunzi chimene dziko lidazoloŵera chidaumbidwa m'zaka zoŵerengeka chabe. M'chaka cha 1978 ku America kudatuluka mabuku aŵiri: The Golden Cage la dokotala Hilde Bruch, ndi nthano ya Steven Levenkron yotchedwa The Best Little Girl in the World, imene idasanduka kanema m'chaka cha 1981, Jennifer Jason Leigh ndiye adaseŵera mbali ya wodwalayo. Maina a mabukuwo akunena zambiri: khola lagolide, mwana wabwino koposa onse. Wodwala ndi mtsikana womvera, wakhama pa sukulu, wa m'nyumba yosasoŵa kanthu. Patapita zaka ziŵiri, pa 4 Febuluwale 1983, woimba Karen Carpenter adamwalira ali ndi zaka 32, mtima wake utalephera chifukwa cha anorexia. Iye ankaimba ndi mlongo wake Richard m'gulu la The Carpenters, ndipo imfa yake idachititsa anthu wamba ochuluka kumva dzina la nthendayi koyamba. Pamenepa tiyenera kuvomereza kuti mabuku ndi nkhani zimenezi zidachita chabwino: makolo amene ankangoti mwana wawo ngwamakani adayamba kuganiza zopita naye kuchipatala.

Komatu kanema ali ndi chilema chobadwa nacho. Makina ojambulira amajambula zooneka zokha. Mantha amene amamgwira wodwala akamva kununkhira kwa ndiwo, kuŵerengera kosatha kumene kumachitika m'mutu mwake usana ndi usiku, mabodza amene amanena kwa amayi ake nadzida nawo pambuyo pake, zonsezi sizijambulika mosavuta. Nthiti ndi msana ndizo zimajambulika. Motero wopanga kanema, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino, amapezeka akuyendetsa makina ake pa mafupa a mtsikana, kuŵala kutaikidwa bwino, nyimbo yachisoni ikulira chapansipansi. Munthu wabwinobwino akaona zimenezi amagwidwa nthumanzi. Wodwala, kapena amene wangoyamba kudwala, amaona china: amaona muyeso umene iye sadafike. Pajatu nthenda imeneyi ili ndi mpikisano m'kati mwake, ndipo wodwala amadziyerekeza ndi wodwala mnzake nthaŵi zonse.

Mkangano umenewu udakula m'chaka cha 2017 pamene Netflix idatulutsa kanema wotchedwa To the Bone. Amene adamtsogolera, Marti Noxon, ndi woseŵera wake wamkulu, Lily Collins, onse aŵiri adadwalapo nthenda za kadyedwe, choncho palibe angati ankanena zimene sadziŵa. Koma Collins adachepetsa thupi lake kuti afanane ndi wodwalayo, ndipo ambiri odziŵa za nthendazi adadandaula kuti zithunzi zake zikhoza kukhala nyambo kwa achinyamata. Nzochititsa chidwi kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Todd Haynes adapeza njira ina pofotokoza moyo wa Karen Carpenter: adagwiritsa ntchito zidole za Barbie m'malo mwa anthu, namasema chidolecho pang'onopang'ono pamene nthenda ikukula, kotero kuti panalibe mkazi wamoyo amene adaonda chifukwa cha kanemayo. Kanema ameneyu, Superstar, adaletsedwa kuonetsedwa m'chaka cha 1990 chifukwa cha mlandu wa umwini wa nyimbo.

Buku lili ndi mwai umene kanema alibe, chifukwa limatha kuloŵa m'mutu mwa munthu. Koma mwai womwewo ndiwo msampha wake. Wasted, buku limene Marya Hornbacher adalemba za moyo wake m'chaka cha 1998, lidayamikiridwa chifukwa chosabisa kanthu, ndipo chifukwa chomwecho ladzudzulidwa kuti oŵerenga ena odwala adalisandutsa buku la malangizo, popeza limatchula kulemera kwa thupi ndi zochita za wodwala mwatsatanetsatane. Nkhaŵa yomweyo idanenedwanso za nthano ya Laurie Halse Anderson yotchedwa Wintergirls, ya m'chaka cha 2009. Nchifukwa chake bungwe la Beat la ku Britain, limene limathandiza odwala nthendazi, limalangiza olemba ndi atolankhani kuti asamatchule manambala a kulemera kwa thupi kapena a kuchuluka kwa chakudya, asamafotokoze njira, ndiponso asamaonetse zithunzi za matupi otheratu. Ife aphunzitsi tikulimva bwino langizoli. Timadziŵa kuti mwana saphunzira chimene tidalemba pa mutu wa phunziro chokha. Amaphunzira chilichonse chimene taika patsogolo pake.

Za nyimbo sitichulukitsa. Gulu la ku Wales la Manic Street Preachers lidaimba nyimbo m'chaka cha 1994 imene dzina lake lomwe ndi nambala ya kulemera kwa thupi la wodwala, ndipo mwadala sitiilemba pano. Beyoncé, m'kanema wa nyimbo yake Pretty Hurts ya 2013, adaloza chala mipikisano ya kukongola, ngakhale munthu angafunse ngati chidzudzulocho chimamveka bwino pamene ochinena ndi okongola kale. Chimene nyimbo zidachita bwino ndi kutulutsa mawu a mwamuna. Daniel Johns wa gulu la Silverchair la ku Australia adaimba Ana's Song m'chaka cha 1999 za anorexia yake yomwe. Pambuyo pake, m'chaka cha 2020, Freddie Flintoff, katswiri wa maseŵero a cricket wa ku England, mwamuna wamphamvu wa thupi lalikulu, adafotokoza pa BBC za bulimia imene adakhala nayo zaka zambiri osaiulula. Zitsanzo ziŵirizi zikugwetsa theka la chithunzi chija. Theka linalo lidagwa kale pamene Diana, mkazi wa Charles amene pa nthaŵiyo adali kalonga wa ku Britain, adavomera poyera m'chaka cha 1995 kuti adadwala bulimia kwa zaka zingapo, pamene dziko lonse linkamjambula tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri odwala nthenda za kadyedwe si oonda kwambiri ayi. Wa bulimia kaŵirikaŵiri amakhala ndi thupi looneka ngati la wina aliyense.

Tsopano tifike pa buku limene, m'kuona kwathu, liposa onse amene tatchula pothandiza mphunzitsi wa kuno, ndipo lidachokera kwa anansi athu. Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe adatulutsa Nervous Conditions m'chaka cha 1988. Nkhani yake ikuchitika m'dziko la Rhodesia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo wosimba ndi Tambudzai, mtsikana wa kumudzi wosauka amene nthaŵi ina adalima chimanga chake kuti apeze ndalama za sukulu. Iye apita kukakhala ku mishoni kwa Babamukuru, mkulu wa atate ake, amene ndi mphunzitsi wamkulu, nagona chipinda chimodzi ndi mwana wa m'nyumbamo, Nyasha. Nyashayo adakhala ku England ali wamng'ono pamene makolo ake ankaphunzira kumeneko, ndipo adabwerako ataiŵala Chishona chambiri. Anzake a sukulu amamuyesa wonyada. Atate ake amamuyesa wamwano. Kwa azungu si mzungu, kwa abale ake si mwana wa Chishona wokwanira.

Luso la Dangarembga lili pa malo amene adaikapo nthendayo. Sadaiike pa kalirole kapena pa sikelo. Adaiika pa tebulo la chakudya. Pamenepo ndi pamene Babamukuru amaonetsera ulamuliro wake, ndipo kwa iye mwana wosiya chakudya m'mbale wakana atate ake. Alamula Nyasha kuti amalize zonse, Nyasha amvera ndi kumeza mofulumira, kenaka apita kukachotsa yekha. Panja akuoneka womvera, m'kati akutha. Pa nthaŵi yomweyo akuŵerenga usiku wonse kukonzekera mayeso, chinthu chimene ife aphunzitsi tikadachiyamikira pa msonkhano wa m'maŵa. Ndipo amene akuona zonsezi ndi Tambudzai, mwana amene akuidziŵa njala yeniyeni, kotero kuti woŵerenga amaona njala ziŵiri zitakhala pa tebulo limodzi, ina yobwera ndi umphaŵi, ina yobwera ndi kusoŵa pothaŵira.

Pali ndime ina m'bukuli imene wophunzira uphunzitsi aliyense ayenera kuilingalira. Nyasha atafooka kotheratu, abale ake apita naye kwa dokotala wa maganizo wachizungu, ndipo iyeyo awabweza ponena kuti anthu akuda sadwala nthenda yotere, mtsikanayo akungovuta chabe. Dokotalayo adali wophunzira, koma maso ake adali ndi chithunzi chimodzi chokha, ndipo mtsikana wa patsogolo pake sadafanane nacho. Chonsecho, m'moyo weniweni, zaka zinayi bukuli lisanatuluke, mu 1984, madokotala aŵiri, Buchan ndi Gregory, adali atalemba kale m'magazini ya British Journal of Psychiatry za anorexia mwa mkazi wakuda wa ku Zimbabwe. Funso limene tikukufunsani inu aphunzitsi a maŵa ndi lakuti: kodi mawu a dokotala wa m'nthanoyu sitidawamvepo m'chipinda chathu cha aphunzitsi, akunenedwa m'Chicheŵa, kuti izi nza azungu okhuta?

Wina adzati mwambo wathu umatiteteza, popeza kwathu kuno kunenepa ndi ulemu, ndipo kumuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira. Nzoona, mwambowo ulipo. Koma anthu a ku Fiji, m'nyanja ya Pacific, adalinso ndi mwambo womwewo woyamikira thupi lodzaza ndi kudya bwino. Wailesi yakanema idafika m'dera la Nadroga m'dzikolo m'chaka cha 1995, yodzaza ndi maseŵero a ku America, ku Britain ndi ku Australia. Anne Becker wa ku Harvard ndi anzake adafunsa atsikana a sukulu za sekondale m'chaka chomwecho, nafunsanso ena mu 1998. Poyamba panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Patatha zaka zitatu adalipo 11 mwa 100 alionse. Atsikana ofunsidwawo adali ochepa, ongopitirira 60 ulendo uliwonse, choncho tisamange nyumba yaikulu pa maziko aang'ono. Koma tizindikire kuti makanema amene adaonera sadali onena za nthenda ayi. Adali makanema wamba, amene wopambana, wokondedwa ndi wolemera amakhala woonda nthaŵi zonse. Kuno wailesi yakanema ya dziko lino idayamba m'chaka cha 1999, ndipo lero mwana wa Fomu 2 akhoza kuona pa lamya ya m'manja matupi ochuluka pa ola limodzi kuposa amene agogo ake adaona m'moyo wawo wonse.

Komabe tisathamangire mbali inayo ndi kuyamba kuona anorexia paliponse. Ku South Africa, Daniel le Grange ndi anzake adalemba m'chaka cha 2004 za achinyamata akuda osauka amene mayankho awo pa mafunso olembedwa ankaoneka ngati a odwala nthenda za kadyedwe. Atacheza ndi ena mwa iwo pamaso ndi pamaso adapeza kuti ena ankaganiza za chakudya tsiku lonse chifukwa cha njala ndi umphaŵi. Mafunsowo adakonzedwera anthu okhuta. Kwa ife phunziro lake nlachidziŵikire: mwana akayamba kuonda, funso loyamba ndi lakuti kunyumba kuli chakudya kapena ayi, kapenanso ngati akusiyira ang'ono ake gawo lake. Pambuyo pake pali chifuwa chachikulu, shuga, njoka za m'mimba, HIV ndi zina, zimene woŵeruza wake ndi wachipatala, osati ife.

Nanga m'kalasi tichite chiyani? Sitikunena kuti mabuku ndi makanema ameneŵa abisidwe. Ana akuwaona kale, ndipo nkwabwino kuti awaone ali ndi munthu wamkulu wowathandiza kufunsa mafunso. Koma mphunzitsi ayambe waŵerenga kapena kuonera yekha mpaka kumapeto asanabweretse kanthu m'kalasi. Ngakhale m'buku la Dangarembga muli mizere ina yotchula njira imene Nyasha ankagwiritsa ntchito; pamenepo tisaimepo, tisafunsepo funso, tisalembe pa bolodi. Mafunso athu apite kwina. Ndani amalankhula pa tebulo lija, ndipo ndani amakhala chete? Kodi Nyasha akadakhala ndi munthu mmodzi wamkulu womumvetsera, nchiyani chikadasintha? M'kanema amene mudaonera, ndani amene sadaonetsedwe: alipo mnyamata, alipo wosauka, alipo wonenepa? Kodi kanemayo adathera mphindi zingati pa kudwala, ndipo zingati pa kuchira? Funso lomalizali nlofunika, chifukwa anthu ambiri amachira, makamaka akathandizidwa msanga, koma kuchira nkwapang'onopang'ono ndipo opanga makanema sakupatsa nthaŵi. Tisapemphe ana kuti aulule za iwo eni pamaso pa anzawo. Phunziro likhale pa Nyasha, ndipo potseka tingonena kuti amene ali ndi nkhaŵa za iye mwini kapena za mnzake akhoza kudzationa patokha.

Pali zizoloŵezi zathu zina zimene sitiziganizira. Pophunzitsa za kulemera kwa zinthu m'masamu, ena amaimika ana pa sikelo mmodzimmodzi ndi kulemba manambala pa bolodi, kalasi lonse likuseka. Thumba la chimanga, njerwa ndi ndowa ya madzi zikhoza kuphunzitsa makilogalamu bwino lomwe. Chimodzimodzinso moni wathu wa tsiku lotsegulira sukulu. Kwa mphunzitsi, kuuza mtsikana kuti tchuthi chamkomera, wanenepa, ndi mawu achikondi. Kwa mtsikana amene wakhala mwezi wonse akudziyerekeza ndi za pa lamya, akhoza kukhala muvi. Ndipo kumbali inayo, tonse tikukumbukira mmene mawu akuti kaliwondewonde ankalasira anthu m'zaka zimene Edzi idasautsa dziko lino. Mwana woonda kwathu kuno amanong'onedwa, ndipo manong'onong'owo akhoza kumchititsa kubisa kwambiri vuto lake. Nkwabwino kuti thupi la mwana lisakhale nkhani ya mphunzitsi pagulu, kaya poyamikira kaya ponyoza.

Popeza makanema adatiphunzitsa kuyang'ana mafupa, ife tidziphunzitse kuyang'ana makhalidwe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. M'sukulu yogonera komweko, amayi oyang'anira atsikana ndi mphunzitsi wa zogonera ndiwo ali pabwino. Mwana amene kale ankadya ndi anzake tsopano amapeza chifukwa chatsopano tsiku lililonse: wadya kale, m'mimba mukupweteka, akusala kudya ngakhale si nyengo yake. Wina amagaŵira anzake nsima yake yonse. Wina amanyamuka kupita kuchimbudzi akangomaliza kudya, tsiku ndi tsiku. Wina amavala juzi m'mwezi wa Okutobala chifukwa akumva kuzizira, kapena amakomoka pa mzere wa m'maŵa, kapena amathamanga yekha m'bwalo mopyola muyeso. Malikisi ake akhoza kukwera m'malo motsika. Chizindikiro chimodzi sichitanthauza kanthu. Zingapo pamodzi, kwa milungu ingapo, ndizo zofunika kuchitapo kanthu.

Kuchitapo kanthu sikutanthauza kuima pambali pake ndi kumlamula kuti amalize mbale. Babamukuru adayesa zimenezo, ndipo taona kumene zidathera. Chilango, chipongwe ndi ulaliki wa ana anjala amene akadakondwa ndi nsimayo zimangomphunzitsa mwanayo kubisa mochenjera. Timuitane pa yekha, tinene zimene taona popanda kutchula maonekedwe a thupi lake, timvetsere, ndipo tisalonjeze kusunga chinsinsi chimene chingamuphe. Mphunzitsi wamkulu ndi makolo adziŵe, ndipo mwanayo aonedwe ndi achipatala. Kukomoka, kugunda kwa mtima kosalongosoka kapena kufooka kwakukulu nkofunika chipatala tsiku lomwelo, chifukwa kusanza kobwerezabwereza kumachotsa m'thupi mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira. Chipatala cha boma chikhoza kutumiza wodwala kwa odziŵa za maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu.

Popita kuchipatalako, mphunzitsi atumize kalata yachidule yolembedwa kuchokera m'kabuku kake: tsiku lakuti sadadye chamasana ndi chamadzulo, tsiku lakuti adakomoka, kuyambira sabata yakuti amachoka patebulo msanga, chakudya m'sukulu chilipo ndipo anzake akudya. Wachipatala amene ali ndi mzere wautali wa odwala malungo panja akhoza kumuyang'ana mtsikana wa thupi looneka labwinobwino ndi kumbweza ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Kalata ya masiku ndi zochitika imampatsa zimene sangathe kuziona pa mphindi zisanu, ndipo ikhale m'envulopu yomata, yoperekedwa m'manja mwa kholo kapena amayi oyang'anira atsikana amene amperekeza mwanayo.